GALIMOTO LA MKANGO PA MSEU WA KUM'MAWA

 Madzulo ano ndifuna kuceza nanu za galimoto limodzi ndi za mseu umodzi. Galimotolo ndi Peugeot 504, lija la cizindikiro ca mkango pamphumi pake, limene ambiri a ife timangoti Pijo. Mseuwo ndi Great East Road, makamaka cigawo cake copyola m'boma la Rufunsa, pakati pa Chongwe ndi ulalo wa Luangwa. Munthu ali yense wa kum'mawa amene anagwirapo nchito ku Kitwe, ku Mufulira, ku Luanshya kapena ku Kabwe audziwa mseu umenewu, pakuti njira ya kumudzi ndi yomweyo: popita ku chuthi, pothamangira maliro, ndi pobwerera kwao kotsiriza nchito itatha.

Opanga magalimoto amalemba manambala ambiri m'kabuku ka galimoto: utali wake, kulemera kwake, kukula kwa injini yake. Ambiri a ife timawadumpha, ndi kuyamba kufunsa za mtengo ndi za liwiro. Koma ine nditi nambala iri yonse m'kabukumo ndi yankho la funso limene mseu ufunsa. Tikadziwa mafunso a mseu wa ku Rufunsa, tidzamvetsa cifukwa cake galimoto ili linakhala nafe zaka zambiri pamene anzake anatha msanga.

Mseu ndi mafunso ake

Tiyambe ndi mseu, popeza ndiwo wamkulu. Njanji itafika ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, mu 1906, amuna a ku Fort Jameson ndi a ku Nyasaland ofuna nchito anali kuyenda pansi masabata angapo, mtolo pamutu, naoloka Luangwa pa bwato. Mseu wa magalimoto unadza pambuyo, ndipo m'zaka za m'ma 1930 ulalo woyamba unamangidwa pa Luangwa ndi ndalama za Beit Trust. Lusaka atasanduka likulu la dziko mu 1935, mseu uwu ndiwo unalunzanitsa likululo ndi dziko lonse la kum'mawa. Komatu unali wa dothi ndi miyala. M'cirimwe unali kuuma ndi kuwinduka timizere monga lata, togwedeza galimoto kufikira misomali yake kumasuka. M'dzinja unali kusanduka phala.

Mu November 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linadzilengeza lokha kuti ndi laufulu, ndipo mafuta amene anali kufika ku Zambia kudzera kumwera anaduka. Malole olemera anayamba kufuna njira zina, ndipo ena anadzera ku Malawi ndi pa mseu womwe uno. Mu 1968 ulalo watsopano wa pa Luangwa, uja wolendewera pa zingwe zacitsulo, unatsegulidwa. Sungani caka cimeneci m'mutu, pakuti tidzakomana naco posacedwa.

Tsono taganizani za ulendo weni-weni. Lusaka ali pamtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere. Mtsinje wa Luangwa pa ulalo paja sufika ndi mamita 500 omwe. Pakati pa malo awiriwa pali makilomita oposa 200. Mukapitirira Chongwe, ndi Chinyunyu paja pali akasupe a madzi otentha, mapiri ayamba. Mupyola pa Rufunsa ndi m'dziko la Mfumu Mpanshya, ndipo mufika pa Manenekela, pamene mseu ukhota-khota m'mbali mwa phiri, phompho liri pafupi. Popita kum'mawa mutsika; pobwerera mukwera zonse zimene munatsika, kawiri-kawiri muli ndi matumba a cimanga ndi a nshawa amene amai anakupatsani.

Motero mseu uwu ufunsa galimoto liri lonse mafunso atatu. Kodi ungathe kukwera uli wolemedwa, dzuwa la mu October liri pamutu, osawiritsa madzi? Kodi ungathe kutsika osataya mabuleki? Kodi ukafa pakati pa thengo, munthu wa masipanala angathe kukuutsa pompo?

Kubadwa kwake

Caka comwe cija ca 1968, kutali ku France, m'mzinda wa Sochaux, a Peugeot anali kukonza kuonetsa galimoto lao latsopano. Inu a ku migodi mudzakondwa kumva kuti anacedwa nalo cifukwa ca sitalaka: mu May caka cimeneco anchito a m'dziko lonse la France anaika zida pansi, ndipo galimotolo silinaoneke poyera kufikira mu September. Maonekedwe a thupi lake anajambulidwa ndi a Pininfarina a ku Italy. Mu 1969 olemba nkhani za magalimoto a ku Ulaya analisankha kukhala galimoto lopambana la caka.

Ku Africa dzina la Peugeot silinali lacilendo. Mkulu wake wa 504, ndiye 404, anali atapambana kanai mpikisano woopsya wa East African Safari, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mu 1963 magalimoto asanu ndi awiri okha ndiwo anafika kumapeto kwa mpikisanowo. Cotero mwana pobadwa anapeza mbiri ya banja iri kale m'makutu mwa anthu.

Miyeso yake ndi iyi. Utali wake ndi mamita 4.49. Kucokera pa magudumu akutsogolo kufika pa akumbuyo ndi mamita 2.74. Kulemera kwake lopanda anthu ndi makilogalamu ngati 1,200. Zitseko zinai, malo a anthu asanu, ndi buti kumbuyo. Mwa manambala awa wofunika koposa ndi wa pakatiyo. Galimoto limene magudumu ake ali motalikirana silidumpha-dumpha pa mseu wa timizere monga licitira lalifupi. Likhazikika monga bwato lalitali pa mafunde.

Mtima wake

Tsopano titsegule boneti. Injini yoyamba inali ya 1,796 cc, ndipo mu 1970 anaikuza kukhala 1,971 cc. Kodi cc ndi ciani? M'kati mwa injini muli mauna anai olunjika, amene amakanika amati masilinda. M'una uli wonse muli pisitoni, citsulo cokwera ndi kutsika monga munsi mu mtondo. Mu injini yaikuluyo m'mimba mwa silinda ndi mamilimita 88, ndipo pisitoni iyenda mamilimita 81, utali wosasiyana kwambiri ndi kupingasa kwa cikhatho ca munthu wamkulu. Malo amene pisitoni imodzi isesa poyenda cotero ali pafupi ndi theka la lita. Mukaphatikiza masilinda onse anai mupeza 1,971 cc, ndiko kuti malita awiri opereweza pang'ono. Injini yaing'ono ija inasiyana ndi iyi m'mimba mokha, pokhala mamilimita 84.

Nchito ya pisitoni iri panai. Itsika nikoka mpweya wosanganiza ndi petulo kucokera ku kabuleta. Ikwera niupsinja. Pulagi ithetheka moto, mpweyawo uphulika nukankha pisitoni pansi. Apa ndipo pacokera mphamvu. Pomaliza ikweranso nitulutsa utsi. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, monga icitira pa ulendo wabwino, m'kati mwake muphulika moto ka 100 pa sekondi imodzi. Ndiye mukamva kulira kwake kosalala kuja, dziwani kuti mukumva kuphulika kumene kwacuruka kufikira kukhala ngati nyimbo.

Mphamvu ya injini imeneyi, yokhala ndi kabuleta, inali ya akavalo opitirira 90 pang'ono, ndipo liwiro lake lotsiriza linali ngati makilomita 160 pa ora. Inalipo ina yopopera petulo ndi pampu m'malo mwa kabuleta, ya akavalo opitirira 100. Inaliponso ya dizilo, ya 2,112 cc ndipo pambuyo pake ya 2,304 cc, yocedwa kunyamuka koma yosamwa kwambiri. Kunena zoona, manambala awa si odabwitsa. Alipo magalimoto ang'ono-ang'ono lero amene mphamvu yao iposa pamenepa. Ndiponso kuno kwathu akavalo ena amatsala m'njira: pamtunda mpweya ucepa, ndipo injini yotere itaya ngati gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 100 ali onse okwera. Ku Lusaka, tsono, kavalo mmodzi mwa akavalo khumi ali onse wagona kale.

Ukulu wa injini iyi suli m'mphamvu, uli m'mamangidwe. Thunthu lake ndi la citsulo cosungunula, mtundu wa mphika wa miyendo itatu. Mutu wake ndi wa aluminiyamu, umene utaya kutentha msanga. Crankshaft, ndiwo mtanda umene usandutsa kukwera ndi kutsika kwa mapisitoni kukhala kuzungulira, ikhala pa mabering'i asanu, kotero kuti sipindika ingakhale injini ibuule pa citunda. Injini yonse anaipendeketsa madigiri 45, kuti boneti itsike ndi woyendetsa aone bwino mseu.

Koma cinthu cimene amakanika anacikonda koposa ndi ici: masilinda ake sanabooledwe m'thunthu lenilenilo ai. Ndi mipope yozuka, imene iwo amati masilivi, yozingidwa ndi madzi oziziritsa. Fumbi la mseu likalowa mu injini lipala makoma a silinda monga mcenga upala mbale, ndipo injini iyamba kufuka utsi ndi kumwa oilo. Pa magalimoto ambiri, zikafika apa, injini iyenera kupita ku makina akulu a m'tauni kukabooledwanso. Pa 504 makanika azula masilivi akale, naika atsopano pamodzi ndi mapisitoni ake, ndipo injini ibadwanso, ngakhale pansi pa mtengo wa mango. Khasu labwino silitayidwa cifukwa mpini watha. Apa funso lacitatu la mseu layankhidwa.

Lokankha, osati lokoka

Mphamvu ikacoka mu injini ipita kuti? Ipyola pa kilachi, nilowa m'giyabokosi ya magiya anai a kutsogolo ndi limodzi la kumbuyo. Pa magalimoto oyamba ndodo ya giya inali pa ciongolero. Kucokera apo mphamvu iyenda pa mtanda wautali wozungulira pansi pa galimoto kufika ku difu, pakati pa magudumu akumbuyo. Pa 504 mtanda umenewu uli m'kati mwa mpope wacitsulo, umene uugwira mowongoka ndi kuucinjiriza ku miyala ndi fumbi. Nchito ya difu ndi kugawira mphamvu magudumu awiriwo, ndi kulola kuti pokhota la kunja lithamange koposa la m'kati, popeza njira yake ndi yaitali.

Ndiko kunena kuti galimoto ili likankhidwa ndi magudumu akumbuyo. Akutsogolo nchito yao ndi kuongolera basi. Magalimoto ang'ono ambiri a masiku ano ali mosiyana, pakuti akokedwa ndi akutsogolo. Taonani tsono cimene cicitika pa citunda ca Manenekela. Galimoto likaloza mphuno kumwamba, kulemera kwake kutsamira kumbuyo. Onjezanipo anthu atatu pa mpando wakumbuyo ndi matumba m'buti. Kulemera konseko kupsinja magudumu omwewo amene akukankha, ndipo agwira nthaka kolimba. Pa galimoto lokoka, katundu yemweyo apepukitsa magudumu ogwira nchito, nayamba kupala miyala. Katundu amene afoketsa lina ndiye apatsa linzake pogwira.

Sindifuna kukunamizani kuti njira iyi iribe coipa cake. Galimoto lokankha likakhala lopanda katundu, pa mseu woterera, ndipo woyendetsa aponda mafuta mwaukali pokhota, matako ake athawira kumbali. M'matope, difu ija ipereka mphamvu ku gudumu limene likuterera, linzake liri ciriri. Amene anakankhapo Pijo m'dambo mwezi wa February, matope ali kumaso, adziwa cimene ndikunena.

Pa magudumu onse anai panali masipuling'i ozungulira, aatali ndi ofewa, olola gudumu kutsika m'dzenje ndi kukwera pa mwala thupi la galimoto osagwedezeka kwambiri. Pa mtundu woyamba gudumu liri lonse lakumbuyo linali kuyenda palokha. Mu 1973 anatulutsa mtundu wotsika mtengo, 504 L, umene magudumu ake akumbuyo analumikizidwa ndi ekiselo imodzi yolimba, yosacedwa kukonza. Ekiselo yotere inalinso pa mtundu wautali uja wonyamula banja lonse, wa mizere itatu ya mipando, umene magudumu ake anatalikirana mamita 2.90. Umenewo ndiwo unakondedwa ndi onyamula anthu pa maulendo atali.

Kutsika

Latsala funso laciwiri, ndilo limene lapha anthu ambiri. Mabuleki aimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala moto. Pa citsikiro cacitali, woyendetsa akaika phazi pa buleki osacotsa, motowo ucuruka kufikira zitsulo zileka kugwira, ndipo mafuta a buleki angathe kuwira. Pamenepo phazi lipita pansi, galimoto osamva. Mtundu woyamba wa 504 unali ndi mabuleki a mbale pa magudumu onse anai, pa nthawi imene magalimoto ambiri anali ndi a ng'oma kumbuyo. Mbale iri poyera ndipo mphepo iiziziritsa. Ng'oma isunga moto m'kati.

Komabe palibe buleki limene lingapirire phiri lonse palokha. Lamulo la madalaivala akale liri loona ndi lero lomwe: tsika ndi giya limene ukadakwera nalo. Mukaika giya laciwiri kapena lacitatu, injini yomwe ija igwira galimoto, pakuti mapisitoni alimbana ndi mpweya, ndipo mabuleki apumula. Kucotsa giya kuti galimoto lidziyendere lokha, poti musunge petulo, ndiko kugula lita imodzi ndi moyo wa banja lonse. Akulu anati kuthamanga si kufika.

Ukalamba wake

Mu 1975 Ove Andersson wa ku Sweden anapambana mpikisano wa Safari ku Kenya ndi 504, ndipo caka comweco fakitale ya Peugeot inatsegulidwa ku Kaduna m'dziko la Nigeria. Kuno kwathu fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, imene inayamba ndi magalimoto a Fiat, inafika pomanga ndi a Peugeot omwe. Ku Ulaya analeka kupanga 504 ya zitseko zinai mu 1983, mng'ono wake 505 atalowa m'malo. Koma Africa sanailole kufa: ku Kenya anaimanga kufikira 2004, ndipo ku Nigeria kufikira 2006. Onse pamodzi anapangidwa oposa mamiliyoni atatu.

Inu a ku migodi mukumbukira zimene zinacitika pakati pa zaka za m'ma 1970. Mtengo wa mkuwa unagwa, mtengo wa mafuta unakwera, ndipo ndalama zakunja zogulira zitsulo zatsopano zinasowa. M'zaka zimenezo galimoto silinayesedwenso ndi kukongola kwake, koma ndi kupirira kwake pa umphawi. Lofuna zida zapadera linaima pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku ndi kuikiramo mazira. Lomva sipanala wamba linayendabe. Pijo imodzi yakufa inali kudyetsa zinzake zitatu zamoyo.

M'zaka za m'ma 1990 zipata za malonda zinatseguka, ndipo magalimoto ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan anadzaza miseu yathu. Anali otsika mtengo, osamwa petulo wambiri, ndi osabvuta kuliza m'mawa. Fakitale ya ku Livingstone inaleka kumanga magalimoto. Mkango unayamba kusowa pang'ono-pang'ono, ndipo lero mwana wa sukulu akauona pa mseu acheuka. Sitinganene kuti zatsopanozi ndi zoipa. M'zambiri ziposa zakale, makamaka pa kucinjiriza anthu ngozi ikagwa. Koma zambiri mwa izo zikadwala zifuna kompyuta kuti inene nthenda, ndipo pa Manenekela palibe kompyuta.

Mau otsiriza

Abale anga, sindinakambe zonsezi kuti mukafune-fune Pijo yakale. Ndakamba cifukwa alipo pakati panu amene alandira ndalama zao za kumapeto kwa nchito caka cino, ndipo mtima uli pa galimoto lopita nalo kumudzi. Ndalama zimenezo ndi thukuta la zaka zambiri pansi pa nthaka, ndipo sizibwera kawiri. Musanazipereke, tsegulani kabuku kaja, kapena tengani makanika wokhulupirika, ndipo mulifunse galimotolo mafunso atatu a mseu wa ku Rufunsa. Magudumu ati amene agwira nchito, ndipo adzacita ciani likalemedwa? Mimba yake iri patali bwanji ndi nthaka? Zitsulo zake zipezeka ku Petauke, ku Katete ndi ku Chipata, kapena ku Lusaka kokha? Safunsa anadya phula.

Ndipo tsiku la ulendo likafika, onani madzi ndi oilo injini isanatenthe, onani mphepo m'matayala ndi m'lapadera lomwe, ndipo musasenzetse galimoto koposa muyeso wake. Mukapitirira Rufunsa, mapiri ali patsogolo, tsitsani giya. Kumudzi akudikira inu, sakudikira mbiri ya liwiro lanu.